Musanatulutse ndalama: kasankhidwe ka chovala cholimba pa salaula ndi ku Kamwala

Sabata silitha popanda munthu kufika pakhonde pamene ndimasokera, pulasitiki ili m'manja, n'kuyamba kuimasula pang'onopang'ono ngati muli mazira. Funso lake ndimalidziwa asanatsegule pakamwa: "Amai, onani, ni orijino iyi?" Ndasoka zovala kuno ku Mtendere zaka zoposa 20, ndipo funso limeneli ndaliyankha mpaka malovu kuuma. Chimene chimandiwawa n'chakuti amandifunsa atagula kale. Pa salaula sabweza katundu. Ukangotembenuka pa tebulo paja, mwiniwake waiwala nkhope yako. Ndiye ndati ndilembe kamodzi kokha, aliyense wondifunsa ndizingomuponyera pa WhatsApp, ine n'kupitiriza kupalasa mashini anga.

Kwa inu amene mwangofika kumene mu Lusaka kuchokera ku Chipata, ku Katete kapena kutsidya kwa Mwami, timvane kaye mawu. Salaula ndi mawu a Chibemba, ochokera ku kusalaula, ndiko kufukula mulu uku ukusankha. Abale athu a ku Malawi amati kaunjika. Belo ndi mtolo wa zovala wopanikizidwa ndi makina n'kumangidwa ndi malamba, ndipo ambiri amalemera makilogalamu 45. Amachokera ku Britain, America, Canada, China ndi maiko ena, amatsika sitima pa Dar es Salaam kapena pa Beira, n'kubwera pa mathiraki. Kuoda ndi kugula zambiri kuti ukagulitsenso. Gong'a ndi chinthu chabodza chimene chabwereka dzina la chenicheni. Chitenge ndi chomwe chija ena kumudzi amati chitenje.

Achikulire akukumbukira nthawi imene nsalu tinkapanga tokha ku Kafue Textiles ndi ku Mulungushi Textiles ku Kabwe. Boma litamasula malonda pambuyo pa chisankho cha 1991, mabelo anasefukira m'dziko muno, mafakitale aja anafooka, ya ku Kabwe n'kuima mu 2007. Lero pamsika mupeza salaula yeniyeni, mupeza zatsopano zotchipa zolowera ku Nakonde, mupezanso gong'a wobisala pakati pa ziwirizi. Wogulitsa sangakuuzeni kuti ichi n'chiti.

1. Musanachoke pakhomo, dziwani kumene chovalacho mukapita nacho

Chovala cholemekezeka pa malo ena chimakhala chochititsa manyazi pa malo ena, nsalu yake ilimbe bwanji. Kumaliro mayi amafunika chitenge ndi chitambala kumutu, ndipo chitengecho chisakhale chonyezimira chija munasungira ukwati. Mukakhala pamphasa, mukagwira mapoto, mwina mukagona komweko, komanso anthu amaona amene wabwera kudzalira ndi amene wabwera kudzaonetsa nsalu. Kwa apongozi, buluku lothina ndi siketi yolekeza pamwamba pa maondo zitsale m'sutikesi. Atsikana a m'tauni muno anapeza kale nzeru yake: jinzi mu minibasi, chitenge m'chikwama, kumanga pofika pageti.

Mitundu nayo ili ndi eni ake. Bulauzi yofiira ya kolala yoyera pa siketi yakuda, anthu akuyesani mayi wa ku mpingo wa UCZ. Yoyera pa siketi yakuda ikukumbutsa amayi a Chigwirizano a ku mpingo wa RCZ, buluu wina uja ndi wa amayi a Dorika. M'nyengo ya kampeni chofiira amachiwerenga kuti chipani cha UPND, chobiriwira kuti PF, monga momwe buluu analili wa MMD. Inu munena kuti mwangoukonda mtunduwo, koma anyamata a pasiteshoni safunsa maganizo a munthu. Zamawangamawanga zonga za asilikali zimatuluka m'mabelo kawirikawiri, ndipo nsalu yake ndi yolimba zedi, koma zisiyeni pomwepo. Munthu wamba saloledwa kuvala zofanana ndi yunifolomu ya asilikali, muputa nazo milandu.

Muwerengenso zolembedwa pachifuwa. Tsiku lina agogo ena a kutchalitchi kwathu anabwera ku kwaya atavala tisheti yabwino ndithu, thonje lenileni, koma mawu a Chingerezi amene anali pachifuwa pawo sindingawalembe pano. Mdzukulu wawo ndiye anawagulira osawerenga. Tinachita kuwakokera kuseri n'kuwafunditsa chitenge m'mapewa, iwo ali kudabwa kuti alakwanji. Ife a m'dziko muno sitifunika kuuzidwa kuti chovala chimanyamula uthenga. Suti yopanda tayi ija mpaka lero timaitchula ndi dzina la a Kaunda, ndipo palibe amene amawakumbukira popanda kampango koyera m'dzanja.

Mukadziwa kumene mukupita, dzifunseni kuti chovalacho chidzachapidwa kangati. Diresi la tsiku limodzi la kitchen party likhoza kukhala lopyapyala, palibe mlandu. Buluku la kuntchito, limene lidzakumana ndi fumbi la mu Ogasiti, matope a mu Januwale ndi manja ochapa Loweruka lililonse, limenelo ndiye muonongerepo ndalama.

2. Dziyezeni kunyumba, manambala a pa kolala musawadalire

Belo limodzi limasonkhanitsa zovala za maiko osiyana, ndipo dziko lililonse lili ndi kawerengedwe kake. Diresi la sayizi 12 ya ku Britain ndi pafupifupi 8 ya ku America ndi 40 ya ku France. XL wa ku China nthawi zambiri amakwana munthu amene kwina amavala M. Gulani tepi ya atelala, siidula, muyeze chifuwa, chiuno, m'matako ndi kutalika kwa mwendo kuyambira m'mphechepeche mpaka pa kakolo, mulembe mu foni. Ngati mukugulira ana kapena amuna anu amene sakonda kuponda mumsika, tengani chovala chimene chimawakwana bwino, chiyaleni pabedi, muyeze chimenecho.

Njira ija yozunguliza chiuno cha buluku pakhosi imathandiza pang'ono, koma imanama kwa munthu wa mimba kapena wa mbina. Kumbukirani kuti chachikulu telala amachepetsa, chaching'ono sangachikulitse. Pokhapokha pamapewa ndi pamene payenera kukwana ndendende. Jekete lalikulu m'mapewa limafuna kuphwasula manja onse awiri, ndipo ndalama imene ndidzakutchulireni iposa imene munagulira.

3. Pitani m'mawa, mutavala ngati munthu wopita kumsika

Salaula yochuluka ili ku Soweto ndi ku City Market cha ku Lumumba Road, komanso m'misika ya m'makomboni monga Matero, Chawama, Chilenje ndi kwathu kuno. Amene simukonda kukankhana, m'mashopu a DAPP zovala amazipachika pa mahang'ala mtengo uli wolembedwa. Zitenge ndi nsalu zatsopano ndi ku Kamwala.

Funsani wogulitsa tsiku limene amatsegula belo, mutenge nambala yake. Malamba akangodulidwa, oyamba kulumphira ndi anyamata a mabutiki. Amatola zabwino zonse, kukazichapa, kuzisita, kuziveka chidole, mtengo n'kukwera kumwamba. Inu mukafika masana ndiye kuti mukusalaula zimene iwo akana. Madzulo musayese n'komwe: pansi pa babu kapena tochi ya foni banga silioneka, mukazindikira mawa muli pa chingwe choyanikira. Majekete ndi majuzi gulani mu Okutobala, pamene aliyense akutuluka thukuta ndipo wogulitsa akungofuna zimuchoke. Mu Juni mulira nawo mtengo. Mukafika mutanyamula makiyi a galimoto m'manja, mtengo ukwera musanafunse, amati afika apamwamba. Foni ndi ndalama zikhale kutsogolo kwanu, chifukwa mukawerama pa mulu msana wanu ulibe maso.

Pali chinthu china chimene alendo amadabwa nacho. Ife a mu Lusaka timakhulupirira chovala chokhwinyata, chonunkha fungo la m'belo lija, popeza ndi umboni wakuti chatsika kumene kuchokera kunja. Chochapidwa ndi chositidwa bwino chikakhala pa mulu chimatikayikitsa: kaya chavulidwa pathupi la munthu wa konkuno, kaya chabedwa pa chingwe, kaya n'cha malemu. Ogulitsa ena anazindikira mtima wathuwu. Amatenga zatsopano zotchipa, kuzifinya, kuzigoneka m'belo masiku angapo kuti zitenge fungo, n'kuzisakaniza pa mulu. Mmene mungawagwirire ndi umu: salaula yeniyeni sikhala ndi mapasa. Mukaona malaya ofanana atatu kapena anayi pa mulu umodzi, kusiyana sayizi yokha, amenewo sanavalidwepo ku Canada ayi.

4. Werengani nsalu ndi dzanja

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene alangizi ambiri amangoti "gulani thonje" n'kudutsa, ngati kuti thonje limadzilemba pamphumi. Tikhalitsepo.

Yambani ndi lebulo, koma osati ya pakhosi. Ya pakhosi ndi dzina chabe, kuisokerera ndi ntchito ya mphindi 5. Ineyo anyamata ena anandibweretserapo thumba la malebulo a maina otchuka kuti ndiwasokerere pa malaya a gong'a. Ndinawabweza, koma si telala aliyense amene amabweza ndalama ikamuyang'ana. Lebulo yonena zoona ili m'kati, pa msoko wa m'mbali cha kumanzere pafupi ndi mpendero: kansalu koyera kolembedwa timalemba ting'onoting'ono. Pamenepo ndi pamene mupeza 100% cotton, kapena 65% polyester 35% cotton, kapena wool, linen, viscose, acrylic. Dzina la pakhosi likakhala lalikulu koma kansaluka zilembo zake zili zolakwika kapena zofufutika ndi chala, mwagwira gong'a. Nthawi zina mwini wake woyamba anakadula chifukwa kamayabwa. Zikatero latsala ndi dzanja lanu.

Fumbatani nsaluyo mwamphamvu, muwerenge mpaka 10, mutambasule dzanja. Thonje limatsala ndi makwinya ofewa. Linen imakhwinyata kwambiri, ndipo chimenecho si chilema, ndi chibadwa chake. Ndiyo nsalu yozizira kuposa zonse m'nyengo yotentha. Poliyesitala imabwerera msanga ngati simunaigwire. Ubweya wa nkhosa wa suti yabwino umabwereranso, koma modekha, ndipo m'dzanja mumamva kufunda, pamene poliyesitala imaterera ngati pepala la shuga.

Ngati muli ndi botolo la madzi, dontheza dontho limodzi pa mpendero. Thonje lochapidwapo limamwa nthawi yomweyo, pa poliyesitala dontho limakhala pamwamba kukuyang'anani. Pa nsalu yatsopano ya m'shopu njira imeneyi imanama, chifukwa mankhwala a kufakitale amakaniza madzi ngakhale pa thonje.

Kwezani chovalacho ku dzuwa. Mukufuna kuona ngati ulusi unalukana mothithikana, komanso ngati pali malo amene aperepeseka kuposa ena, makamaka m'zigongono, m'maondo ndi pokhalira. Pa juzi ndi pa suti yang'anani timabowo ta njenjete. Mukapeza kamodzi dziwani kuti tilipo tambiri. Kenako kokani pang'ono m'litali ndi m'lifupi, musiye. Nsalu yamoyo imabwerera. Khosi la tisheti limene layamba kuchita mafunde silidzabwereranso, mulichape ndi madzi otentha bwanji. Yalani tishetiyo pa tebulo: misoko ya m'mbali ikakhala kuti yapotokera kutsogolo, nsaluyo anaidula mokhota ndipo idzangopotokerabe.

Pakani ndi chala chachikulu pamalo amodzi kangapo. Pakayamba kudzuka tiubweya, mawa pakhala timibulu. Majuzi a acrylic ndiwo akatswiri onyenga: pa mulu amawala, ndi ofewa, ndi opepuka, koma mukawachapa kawiri amachita ngati nkhuku yonyowa. Juzi ya ubweya weniweni imalemera, imalasa pang'ono pakhungu, ikanyowa imanunkha nkhosa, ndipo idzakufunditsani ma Juni ambiri.

Mukafika kunyumba muli ndi chikaiko, pali mboni imodzi yosanama, ndiyo moto. Sololani ulusi uwiri kapena utatu pa msoko wa m'kati, ikani pa mbale yachitsulo, yatsani ndi machesi. Thonje limayaka msanga, fungo lake ngati pepala, n'kusiya phulusa lotuwa lofewa. Viscose nayo imachita chimodzimodzi. Ubweya umanunkha tsitsi lopsa, umazima wokha, umasiya kakhala kofumbutuka pachala. Poliyesitala ndi nayiloni zimathawa moto, zimasungunuka, n'kusiya kamkanda kolimba. Zimenezi chitirani kwanu, pamsika akukuwizani.

Mwina mukuti, zonsezi n'zachiyani? Kwerani minibasi ya ku Kanyama masana a mu Okutobala, anayi pa mpando, mutavala bulauzi ya poliyesitala yekhayekha. Thukuta silipeza potulukira, ndipo fungo limakanirira m'nsalu ngakhale mutachapa. Chachiwiri ndi mbaula. Magetsi akapita tonse timabwerera ku makala, ana ali pomwepo kuotha. Thonje nalo limapsa, koma nayiloni imasungunuka n'kumatirira pakhungu, bala lake limakhala loipa. Zovala zogonera za ana ndi diresi lophikira, ganizirani zimenezi.

Komabe musandimve ngati ndikuti poliyesitala ndi mdani. Yunifolomu ya sukulu ndimalangiza nsalu yosakaniza ija ya 65 ndi 35, chifukwa imauma msanga m'dzinja, siisuluka msanga, ndipo siivuta kusita. Viscose imagwa bwino pathupi ndipo imazizira, kungoti ikanyowa imafooka ndi kufupika, siifuna kupotokola pofinya. Nsalu iliyonse ili ndi ntchito yake. Cholakwika ndi kulipira mtengo wa ubweya pa acrylic.

Dzanja siliphunzira pa foni. Usiku uno tulutsani zovala zisanu m'nyumba mwanu, tsinzinani, zigwireni chimodzichimodzi, munene kuti ichi ndi nsalu yanji, kenako muone kansalu ka m'mbali kaja. Abambo amene anandiphunzitsa kusoka ankandichita zimenezi m'mawa uliwonse ndi zidutswa za pansi pa tebulo, ndikalakwa n'kundiuza kuti ndisese shopu. Chitani sabata imodzi, mudzadabwa mmene zala zanu zidzayambire kukana zinthu maso asanaone.

5. Tembenuzani kunja kukhale m'kati

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chovala chilichonse chitembenuzeni, wogulitsa akwinye nkhope bwanji.

Gwirani mbali ziwiri za msoko, mukoke pang'ono. Ukayasama n'kuonetsa mano a ulusi, sukhalitsa. Pa malaya osokedwa bwino, pa inchi imodzi, kutalika kwa nsonga ya chala chachikulu, singano imakhala itaponda ka 10 kapena kuposa. Pa otchipa imadumphadumpha ka 6 kapena ka 7 kuti ntchito ithe msanga. Onaninso nsalu yotsala kuseri kwa msoko ndi m'mpendero. Fakitale yaumbombo imadula pafupi penipeni. Yabwino imasiya nsalu, ndipo ndi imeneyo imene ine ndimatulutsa mukanenepa kapena mwana akatalika. Pa malaya a mizere kapena a mabokosi, onani ngati mizere ikukumana pa thumba ndi pa msoko wa m'mbali. Kukumanitsa mizere kumadya nsalu ndi nthawi, amene anavutika nazo sanachite ulesi kwina.

Tsono pitani kumene chovala chimafera: m'khwapa, pa kolala, m'mphechepeche, m'matumba. Chikasu cha m'khwapa sichichoka. Timadontho takuda ta nkhungu sitichoka. Poyera pamene panagwera jiki sipabwerera. Jinzi ikwezeni ku dzuwa muyang'ane pakati pa miyendo, pamene ntchafu zimakhulana. Pakaoneka kuwala, yatsala ndi mwezi. Lowetsani dzanja m'thumba lililonse mpaka pansi. Zipi ikwezeni ndi kuitsitsa katatu. Zilembo za YKK ndi chizindikiro chabwino, ngakhale nazonso a gong'a anaziphunzira. Lasitiki mukokereni pafupi ndi khutu, akamalira kuti thethethe ndiye kuti anafa kalekale. Pa jekete la suti sisitani pachifuwa ndi chikhatho: mukamva timatuza pansi pa nsalu, guluu wa m'kati anamatuka, ndipo palibe nsimbi imene ingalichiritse.

Batani losowa, zipi yakufa, mpendero wophwasuka, msoko wotseguka, lasitiki wa m'chiuno, nsalu ya m'kati mwa jekete yong'ambika, zonsezi n'zokonzeka ndi ndalama yochepa. Musataye chovala chabwino chifukwa cha batani. Chilema choterechi chisungeni mumtima, muchigwiritsa ntchito pokambirana mtengo.

6. Chitenge chili ndi malamulo akeake

Chaka china komiti ya kitchen party inagula zitenge 40 m'shopu ina, zowala, zouma gwa ngati katoni. Ine ndinasoka madiresi 12 pa zimenezo. Tsikulo kunatentha, amayi anavina, ndipo pofika nthawi yopereka mphatso nsalu zoyera za pa mipando zinali zitasanduka buluu, m'khwapa mwa amake mkwatibwi namonso buluu. Atachapa koyamba, madiresi aja anatsala ngati sefa, ena anafupika mpaka pamwamba pa maondo. Mlandu unagwera ine telala. Kuyambira pamenepo chitenge chosachapa sindichiika lumo.

Kuuma kwa chitenge chatsopano nthawi zambiri ndi sitachi, imene amaipaka kuti nsalu yopyapyala ioneke yolemera. Gwirani kakona, mukapikitse pakati pa zala ngati mukuchapa. Zala zikatuwa mbuu, kakonako n'kulefuka mpaka kuonetsa kuwala, mwaona mmene chitenge chonse chidzakhalire chikalawa madzi. Nyowetsani kampango koyera, mupake pa mtundu wakuda kwambiri. Kakatenga utoto, mukudziwa chimene chikudikira mipando ya anthu.

Tembenuzaninso. Chitenge cha wakisi weniweni mtundu wake umakhala wofanana mbali zonse ziwiri, ndipo umakhala ndi timing'alu ndi timadontho tosalongosoka timene phula limasiya popanga. Chodindidwa mbali imodzi kuseri kumatuwa. M'mphepete mwa nsalu mumalembedwa dzina la fakitale ndi nambala ya maluwa ake. Dzina limene onse amalithamangira ndi Vlisco, ya ku Helmond m'dziko la Netherlands, imene inayamba mu 1846, ndipo ndilonso dzina limene a gong'a amalikonda. Mukalipeza pa mtengo wofanana ndi chitenge wamba, musadzitame kuti mwatola mwayi.

Funsani ngati akuyeza mayadi kapena mamita. Yadi ndi masentimita 91, ndiye mpukutu wa mayadi 6 sukwana bwino mamita 5 ndi theka. Amayi ambiri amandibweretsera akuti ndi mamita 6, sitayilo imene asankha n'kuperewera manja. Chitenge chotchipa chili ndi malo ake, chopita nacho kumaliro, kumunda kapena choyala. Koma choberekera mwana chikhale cha thonje. Cha poliyesitala chimaterera, mfundo imamasuka yokha muli pakati pa msewu. Ndipo inu a makomiti, kaya ndi a ukwati, a chilanga mulilo, a kwaya kapena opita ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, gulani chimodzi kaye, muchiyeze, muchichape, muchiyezenso. Chikapambana mayeso ndi pamene mukaode zotsalazo, zonse tsiku limodzi, chifukwa mtundu umasiyana pang'ono katundu wina akabwera.

7. Nsapato

Pano sindichedwapo, si ntchito yanga kwenikweni. Onani kuti zonse ziwiri ndi za sayizi imodzi, chifukwa pa mulu zimakwatitsidwa ndi maso. Pindani nsapatoyo pakati: chikopa chenicheni chimachita timakwinya ting'onoting'ono n'kubwerera, chabodza chimang'aluka kapena kusupuka. Kankhani chidendene ndi chala, chikhale cholimba. Nsapato ya masewera imene yakhalitsa osavalidwa, pansi pake pamafumbutuka ngati mkate ngakhale ikuoneka yatsopano, ndiye panikizani ndi chikhadabo. Yesani zonse ziwiri mutaimirira, mutavala sokosi.

8. Kambiranani mtengo mwaulemu

Musaonetse kuti mwachikonda. Nyamulani zitatu kapena zinayi, chimene mukufunacho chikhale pakati. Moni kaye, mtengo pambuyo.

"Muli bwanji amai? Ni zingati iyi?"

"Ni K120, mwana wanga."

"Onani zipi yafa, nizalipila futi telala. Chosaniko, nili na K90."

Chilema mwachionetsa, chifukwa mwapereka, ndipo simunanyoze katundu wa munthu. Mayi uja belo analigula osaona za m'kati mwake. Nthawi zina theka lake limatuluka nsanza, ndiye zabwino zochepazo ndizo zimabweza ndalama yake. Mukagula zingapo pemphani mbasela. Akakana mtengo wanu, tsazikani bwino muyende, ngati n'kotheka akuitanani musanafike pa tebulo lachitatu. Wogulitsa amene mwazolowerana naye ndi amene adzakuimbireni m'mawa wa tsiku lotsegula belo.

9. Mukafika kunyumba

Musavale musanachape, chioneke choyera bwanji. Chapani chilichonse pachokha ulendo woyamba, ndi madzi ozizira, kuti muone chimene chikutaya utoto. Zamitundu yanikani pamthunzi mutazitembenuza, dzuwa la kuno limasulutsa msanga. Juzi ya ubweya siifuna madzi otentha ndipo siipachikidwa pa chingwe, iyaleni pa thaulo, apo ayi manja ake afika m'maondo. Zovala zam'kati zovalidwa kale musagule n'komwe. Malamulo a dziko lino amaletsa kuzilowetsa, ndipo a ZCSA, bungwe la boma loona za miyezo ya katundu, amazilanda akazipeza. M'dzinja sitani chilichonse chimene chayanikidwa panja, makamaka za ana ndi m'misoko momwe, chifukwa ntchentche ija imaikira mazira pa zovala zonyowa, mphutsi n'kulowa pakhungu. Kutentha kwa nsimbi kumapha mazirawo.

Zofuna kukonza bwerani nazo zitachapidwa ndi kuuma, kuti ngati n'zofupika zifupikiretu ndisanadule. Pobwera kudzadulitsa buluku kapena diresi lalitali, nyamulani nsapato imene mudzavalire, ndiyezere pa imeneyo. Za Khirisimasi ndi mayunifolomu a mu Januwale bweretsani mu Novembala. Ikangokwana 15 Disembala sindilandiranso nsalu ya munthu, ngakhale wa kwathu ku Katete.